Kadimiyamu: Poizoni Wobisala mu Utsi wa Fodya ndi wa Kudzala

  Kaya muli kuchigafa mukusoka fodya, kaya muli kukhitchini mukusonkheza moto, kwezani wailesi pang'ono, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza fodya ndi moto womwewo.

Lero tikamba za poizoni wina dzina lake kadimiyamu. Ambiri a ife dzinali tikulimva koyamba. Musachite mantha, sitikukamba nkhaniyi chifukwa kwagwa mliri ayi. Tikuyikamba chifukwa poizoni ameneyu ali ndi khalidwe limene banja lililonse liyenera kulidziwa: akalowa m'thupi amakhalamo zaka zambirimbiri, ndipo kuchipatala kulibe jakisoni kapena piritsi lomuchotsa. Chimene tingathe ndi kumuletsa kulowa. Mwayi wake ndi wakuti njira zambiri zimene amalowera zili pakhomo pathu pomwe, ndipo tikhoza kuzitseka tokha popanda kulipira ndalama.

Kodi kadimiyamu ndi chiyani?

Kadimiyamu ndi mtundu wa chitsulo chofewa, choyera ngati siliva. M'nthaka amapezeka pamodzi ndi miyala imene amapangira zinki ndi mtovu. Amene anayamba kumuzindikira ndi katswiri wina wa ku Germany, Friedrich Stromeyer, m'chaka cha 1817. Kuchokera nthawi imeneyo mafakitale akhala akumugwiritsa ntchito popanga mabatire otchaja, utoto wachikasu ndi wofiira, mapulasitiki ena, komanso pokutira zitsulo kuti zisachite dzimbiri.

Pali zitsulo zina zimene thupi limazifuna pang'ono, monga ayironi amene amathandiza kupanga magazi. Kadimiyamu sali m'gulu limenelo, thupi la munthu lilibe naye ntchito. Akakhala m'madzi kapena m'chakudya saoneka, sanunkha, ndipo lilime silimumva. Akalowa m'magazi amapita kuchiwindi, kenako amakakhazikika mu impso. Kuti theka lokha la kadimiyamu amene ali mu impso lichoke, pamatenga zaka 10 mpaka 30. Ndiye kuti mnyamata amene wayamba kusuta ali ndi zaka 18, podzafika zaka 45 adzakhala akadali ndi gawo la kadimiyamu wa mu ndudu zake zoyamba zija. Ntchito yake ndi ya chiswe: mzati umaoneka wabwinobwino kunja pamene m'kati mwatha.

Zimene zinachitika ku Japan

Kuti timvetse kuopsa kwake, tiyeni tipite kutali pang'ono. Ku Japan, m'dera la Toyama, kuli mtsinje wotchedwa Jinzu. Kumtunda kwa mtsinjewu kunali mgodi wa Kamioka, kumene ankakumba zinki ndi mtovu. Zotsalira za mu mgodimo zinkatayikira mu mtsinje, ndipo alimi a kumunsi ankathirira mpunga wawo ndi madzi omwewo, kumwa omwewo, kuphikira omwewo. Kwa zaka zambiri palibe amene ankadziwa kuti madziwo akuwadwalitsa, chifukwa madzi a mumtsinje anali moyo wawo wa tsiku ndi tsiku.

Kenaka amayi achikulire, makamaka amene anabereka ana ambiri, anayamba kudandaula msana, chiuno ndi miyendo. Ankayenda modzikoka. Mafupa awo anafewa kwambiri moti ena ankathyoka nthiti pongotsokomola. Ena anafupika msinkhu chifukwa mafupa a msana anaphwanyika. Odwalawo ankangolira kuti "itai, itai", komwe m'chinenero chawo ndi kulira kwa munthu amene akumva kuwawa, monga ife timati mayo ine, mayo ine. Kulirako ndiko kunasanduka dzina la matendawa, itai-itai. Dokotala wa m'deralo, Noboru Hagino, ndi amene analimbikira kunena kuti vuto likuchokera mu mtsinje, ndipo mu 1968 boma la Japan linavomereza kuti choyambitsa chake ndi kadimiyamu. Anthu amene boma linawalemba kuti ali ndi matendawa ndi pafupifupi 200, ndipo pafupifupi onse ndi amayi. Ntchito yochotsa dothi loipalo m'minda ndi kuthiramo lina inatenga zaka zoposa 30, inatha mu 2012. Minda inakonzeka, koma impso ndi mafupa a odwala aja sizinabwerere mwakale.

Pafupi nafe, ku Kabwe

Wina anganene kuti zimenezo ndi za kutali. Koma kwa anansi athu ku Zambia kuli tauni ya Kabwe, imene makolo athu ankayidziwa ndi dzina lakuti Broken Hill. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa kumeneko unagwira ntchito zaka pafupifupi 90, mpaka unatsekedwa mu 1994. Vuto lalikulu la ku Kabwe ndi mtovu, umene wavulaza ana ambiri m'makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Koma paja tanena kuti kadimiyamu amayenda limodzi ndi zinki ndi mtovu. Akatswiri a pa University of Zambia ndi anzawo a ku Hokkaido University atayeza, anapeza kadimiyamu m'dothi la pafupi ndi mgodi, m'chiwindi ndi mu impso za ng'ombe ndi nkhuku za m'deralo, ndiponso m'matupi a ana. Mgodi unatsekedwa kalekale, koma poizoni akadali m'nthaka, chifukwa chitsulo sichiola ngati manyowa.

Kuno ku Domwe tilibe mgodi wotero. Koma kadimiyamu ali ndi njira zina zofikira m'matupi mwathu. Titchula zisanu.

Njira yoyamba: fodya

Fodya ndi mbewu imene imatipatsa ndalama za malata, za njinga ndi za sukulu ya ana. Koma mbewu imeneyi ili ndi chibadwa chokoka kadimiyamu m'nthaka kuposa mbewu zambiri, ndipo imamusunga m'masamba, makamaka masamba a m'munsi. Ndudu imodzi imakhala ndi kadimiyamu wolemera mayikulogalamu 1 mpaka 2. Mayikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu, ndiye wina akhoza kuseka kuti n'zochepa. Komatu tamverani izi. Kadimiyamu amene wadyedwa m'chakudya, thupi limangotengako pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, wina yense amatuluka ndi chimbudzi. Koma amene wafika m'mapapo ndi utsi, thupi likhoza kutenga mpaka theka. N'chifukwa chake magazi a munthu wosuta amapezeka ndi kadimiyamu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa a munthu wosasuta, ndipo mu impso zake amakhala wochuluka pafupifupi kawiri.

Abambo ena amati, ine sindisuta za m'sitolo, ndimasuta chingambwe cha m'munda mwanga, chopanda mankhwala. Pepani bambo, kadimiyamu sathiridwa kufakitale. Amachokera m'nthaka, ndipo amakhala kale m'tsamba lisanathyoledwe. Kaya mwapichira m'pepala la nyuzi, kaya m'khoko la chimanga, kaya mwaika mu kaliwo, alimo ndithu. Ndiponso taonani, fodya amene amatsala pakhomo kuti asutidwe nthawi zambiri ndi wa masamba a m'munsi, uja wosagulika kumsika. Agogo aakazi amene mumanunkhiza fodya m'mphuno kapena kuika m'kamwa, inunso nkhaniyi ndi yanu. Ndipo wosuta akamasutira m'nyumba, mayi ndi ana amapuma utsi womwewo.

Njira yachiwiri: moto wa kudzala ndi wa kukhitchini

Masiku ano pakhomo pali tochi, wailesi, nyali zotchaja ndi mafoni. Zikatha ntchito timaziponya kudzala, dzala likadzaza timayatsa. Mabatire ena otchaja, makamaka a mu nyali ndi matochi akale ndi zipangizo za amisiri, amalembedwa zilembo zakuti Ni-Cd kapena Cd. Zilembo zimenezi zikutanthauza kuti m'kati mwake muli kadimiyamu wambiri. Batire lotere likapsa, kadimiyamu wina amakwera ndi utsi, wina amatsala m'phulusa. Zidebe ndi mabeseni ena apulasitiki a mtundu wachikasu, wofiira kapena wa lalanje, mapaipi ndi makoko a mawaya a magetsi, nazonso zikhoza kukhala naye.

Tsono taganizirani ulendo wa phulusa lija. Mvula ikagwa limakokoloka kupita kudimba kapena kuchitsime. Nthawi zina timalitapa tokha kukathira mu ndiwo zamasamba ngati manyowa. Nkhuku zimapalasa pomwepo. Ana amasewera pomwepo, n'kumaphwanya mabatire ndi miyala kuti aone za m'kati. Amayi ena nkhuni zikanyowa amakolezera moto ndi zidutswa za pulasitiki, kenako phulusa la pa moto womwewo ndi limene amachezera chidulo cha therere. Apatu ndiye kuti zotsalira za pulasitiki zija zalowa mu mphika.

Njira yachitatu: nthaka ya m'munda

Nthaka iliyonse ili ndi kadimiyamu pang'ono mwachilengedwe. Feteleza wokulitsa, amene ali ndi fosifeti monga DAP ndi NPK 12-24-12, amawonjezerako pang'ono, chifukwa miyala imene amapangira fosifeti imakhala ndi kadimiyamu, ina wambiri ina wochepa malinga ndi kumene yakumbidwa. Mayiko a mu European Union anaika malire akuti feteleza asapitirire mamiligalamu 60 a kadimiyamu pa kilogalamu iliyonse ya fosifeti, ndipo lamuloli linayamba kugwira ntchito mu 2022. Yureya wobereketsa uja alibe vuto limeneli.

Mvetsetsani bwino apa, sitikunena kuti musiye feteleza. Njala ingatipweteke msanga kuposa kadimiyamu. Chimene tikunena n'chakuti thirani muyeso umene alangizi a zaulimi anena, osapitirira. Mbewu zimakoka kadimiyamu kwambiri nthaka ikakhala ya asidi, ndipo nthaka yofiira ya kumapiri kumene kumagwa mvula yambiri imakonda kukhala yotero. Laimu wa m'munda ndi manyowa owola bwino zimathandiza kuti kadimiyamu agwirike m'dothi, asakwere mu mbewu. Mbewu zimasiyananso. Ndiwo zamasamba, mbatatesi, mtedza, mpendadzuwa ndi mpunga zimakoka wochulukirapo, pamene maso a chimanga amakhala ndi wochepa. Zakudya zonsezi n'zabwino ndipo tizidye. Chofunika ndi kusalima ndiwo padzala lakale, pamalo owotchera zinyalala, kapena pafupi ndi pamene amaphwanyira zitsulo ndi mabatire.

Njira yachinayi: ziwiya

Zakumwa ndi zakudya zowawasa zimasungunula zitsulo zokutira ziwiya. Thobwa, masese, madzi a bwemba kapena a malambe zikagonera mu ndowa yamalata, mu mgolo umene munali utoto kapena mankhwala, kapena m'chiwiya chosulidwa kuchokera ku chitsulo chotola, zikhoza kutenga zinki, mtovu kapena kadimiyamu. Chimodzimodzinso mapaipi otola amene ena amatchezera kachasu. Waya wa mu firiji yakale si wowotcherapo nyama kapena chimanga, chifukwa ena mwa mawaya amenewa anakutidwa ndi kadimiyamu. Zowawasa sungani mu mtsuko wadothi, m'botolo, kapena m'chigubu chimene chinapangidwira zakudya.

Njira yachisanu: ntchito

Achinyamata athu ambiri amapita kukasaka ganyu ku Tete, ku Lilongwe, ngakhale ku Joni. Ena amawotcherera zitsulo, ena amagula ndi kuphwanya zitsulo zakale, ena amapala ndi kupopera utoto, ena amawotcha mawaya kuti apeze kopa. Amenewa ndi amene ali pa chiopsezo cha kadimiyamu wambiri wolowa nthawi imodzi. Mabawuti ndi zitsulo zina za mu magalimoto ndi makina akale zinakutidwa ndi kadimiyamu, ndipo ndodo zina zowotcherera mapaipi zimakhalanso naye. Zikalawa moto zimatulutsa utsi umene suyabwa kwambiri pa nthawiyo, koma ukhoza kupha.

Zizindikiro za poizoni wolowa mwadzidzidzi

Tiyerekeze kuti mnyamata wakhala masana onse akudula chitsulo chakale ndi moto m'kachipinda kopanda mawindo. Poweruka ali bwinobwino. Patapita maola 4 mpaka 10, usiku, wayamba kumva kuzizira, thupi kutentha, mutu, kuphwanya m'thupi, kukhosi kuuma ndi chifuwa. Aliyense pakhomo aganiza kuti ndi malungo kapena chimfine. Koma pa tsiku lotsatira kapena lachiwiri akhoza kuyamba kubanika, chifuwa kuthina, milomo kuda, chifukwa m'mapapo mwayamba kudzaza madzi. Apa moyo uli pa ngozi. Munthu wotere apite kuchipatala usiku womwewo zizindikiro zikangoyamba, ndipo akauze adokotala kapena anamwino ntchito imene amagwira ndi chimene amawotcha. Mawu amenewo ndi amene angawathandize kuganizira za utsi, osati malungo okha.

Ngati kadimiyamu wambiri wamwedwa kapena kudyedwa, zizindikiro zimabwera msanga, nthawi zambiri ola lisanathe: nseru, kusanza kwambiri, kupotokola m'mimba, kutsegula m'mimba ndi malovu ambiri. Zikachitika kwa anthu angapo amene amwa chakumwa cha m'chiwiya chimodzi, siyani kumwa, sungani chotsalacho ndi chiwiyacho, ndipo thamangirani kuchipatala. Panjira wodwala azimwa madzi a ORS pang'onopang'ono ngati akutha kumeza. Musamukakamize kusanza, ndipo musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka poganiza kuti upha poizoni.

Zizindikiro za poizoni wolowa pang'onopang'ono

Uyu ndiye wofala, ndipo ndi wovuta kumuzindikira chifukwa kwa zaka zambiri munthu samva kanthu. Choyamba kuwonongeka ndi impso. Ntchito ya impso ndi kusefa magazi, kutaya zoipa mu mkodzo ndi kubweza zabwino m'thupi. Kadimiyamu amawononga timachubu ting'onoting'ono timene timabweza zabwinozo, ndiye zomanga thupi, shuga ndi kashiamu zimayamba kutayikira mu mkodzo ngati ufa m'thumba lobooka. Kashiamu ndi amene amalimbitsa mafupa. Akamatayika chaka ndi chaka, mafupa amafewa ndi kufumbwa, munthu amamva kuwawa msana, chiuno ndi miyendo, ndipo amathyoka ndi kugwa kochepa. Ena amachita timiyala mu impso. Matenda akakula pamabwera kutupa mapazi ndi nkhope, kufooka, kuchepa magazi ndi kusafuna kudya.

Amene apuma utsi kapena fumbi lake kwa zaka zambiri amadwala mapapo, amabanika pokwera kachitunda kakang'ono, ndipo ena amasiya kumva fungo. Mu 1993 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika kadimiyamu m'gulu la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mapapo.

Tichenjezane pano. Kuwawa kwa msana, kutupa mapazi ndi chifuwa chosatha zili ndi zoyambitsa zina zambiri zofala kuposa kadimiyamu, monga BP, shuga, TB, likodzo ndi matenda a mtima. Musadziyeze nokha, ndipo musaloze mnansi chala kuti wakulodzani. Pitani mukayezedwe.

Chifukwa chiyani amayi ali pa chiopsezo chachikulu?

Mwamva kuti ku Japan odwala ambiri anali amayi obereka ana ambiri. Chifukwa chake ndi ichi. M'matumbo, kadimiyamu amalowera pa khomo limene ayironi amalowera. Thupi likasowa ayironi limatsegula khomolo kwambiri kuti lipeze wochuluka, ndipo kadimiyamu amapezerapo mwayi. Mayi amene ali ndi magazi ochepa chifukwa cha msambo, mimba zotsatizana, malungo kapena njoka za m'mimba amatenga kadimiyamu wambiri kuposa mwamuna wake ngakhale akudya mbale imodzi. Kuwonjezera apo, mimba ndi kuyamwitsa zimatenga kashiamu m'mafupa, ndipo mayi akasiya kusamba mafupa amayamba kuchepa mphamvu. Kwa mayi woyembekezera, kadimiyamu amaunjikana mu nsengwa, ndipo izi zikhoza kuchititsa kuti mwana abadwe wochepa sikelo. Koma mkaka wa m'mawere umakhala ndi kadimiyamu wochepa kwambiri, choncho amayi pitirizani kuyamwitsa mwakathithi, musaleke. Enanso ofunika kusamala kwambiri ndi odwala shuga ndi BP, chifukwa impso zawo zili kale pa ntchito yolemetsa.

Kodi chithandizo chake n'chotani?

Tinene zoona zokhazokha. Palibe mankhwala otsimikizika ochotsa kadimiyamu amene wakhazikika mu impso. Alipo mankhwala amene madokotala amagwiritsa ntchito pokoka zitsulo zina monga mtovu m'magazi, koma pa kadimiyamu wakale sathandiza kwenikweni, ndipo ena mwa iwo, monga dimercaprol, amawonjezera kuvulala kwa impso. Choncho wina akabwera pamsika ndi botolo lake kuti ili limatsuka magazi ndi kuchotsa poizoni yense m'thupi, sungani ndalama zanu. Zitsamba ndi mankhwala osadziwika zikhoza kumaliza impso zimene zinali zofooka kale.

Izi sizikutanthauza kuti kuchipatala kulibe thandizo. Wopuma utsi amagonekedwa, amapatsidwa mpweya wa okosijeni ndi kuyang'aniridwa mpaka mapapo atachira. Wosanza ndi kutsegula m'mimba amaikidwa madzi a diripi kuti impso zisaume. Kwa amene walowedwa pang'onopang'ono, chithandizo choyamba ndi kupeza kumene poizoni akuchokera ndi kumusiyanitsa nako. Kenako amayeza BP, shuga, kuchuluka kwa magazi ndi mkodzo. Wochepa magazi amapatsidwa mapiritsi a ayironi. Wofewa mafupa amapatsidwa kashiamu ndi vitamini D pa muyeso wa adokotala, ndi mankhwala ochepetsa ululu. Kuyeza kadimiyamu weniweniyo kumachitika m'malabotale akuluakulu: magazi amaonetsa amene walowa miyezi yapitayi, mkodzo umaonetsa amene waunjikana pa zaka. Yambirani ku chipatala chaching'ono cha kwanu. Iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala cha Ulongwe, ndipo kuchokera kumeneko ku chipatala chachikulu cha Tete.

Kuwonongeka kwa impso kukapezeka msanga, ndipo munthu n'kusiya kulowetsa poizoni, matenda akhoza kuima kapena kuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Kukafika patali sikubwerera. Impso zikalephereratu pamafunika makina osefa magazi kangapo pa sabata, ndipo makina amenewa ali m'zipatala za m'mizinda ikuluikulu monga Maputo, Lilongwe ndi Blantyre. Tonse tikudziwa kutalika kwa mtunda umenewo kwa mlimi wa ku Domwe. Chinanso, amene impso zawo zili ndi vuto apewe kumwa mwachisawawa mapiritsi opha ululu monga bufeni ndi diclofenac ogula pamsika, chifukwa amalemetsa impso.

Zoyenera kuchita pakhomo

Choyamba ndi chachikulu pa zonse: siyani kusuta. Tsiku limene mwasiya ndi tsiku limene mwatseka njira yaikulu ya kadimiyamu. Ngati zikukuvutani, kambani ndi azaumoyo. Pamene mukulimbana nazo, musasutire m'nyumba kapena pafupi ndi ana ndi mayi woyembekezera. Makolo, fodya wotsala m'chigafa asakhale poyambira ana kusuta. Mukachoka kuchigafa sambani m'manja ndi sopo musanadye.

Chachiwiri, batire lisaone moto. Mabatire akutha ikani m'chitini kapena m'chigubu chotseka, pamalo ouma pamene ana safika, kutali ndi zakudya ndi chitsime. Musawaponye kudimba kapena mumtsinje. Mafumu, anyakwawa ndi makomiti a zaumoyo, kambiranani ndi aboma za malo amodzi osonkhanitsira mabatire a m'mudzi. Musakolezere moto ndi pulasitiki. Chidulo chizichokera ku phulusa la nkhuni, zitsononkho kapena makoko a nyemba okhaokha.

Chachitatu, tetezani madzi. Bungwe la World Health Organization limati madzi akumwa asapitirire mayikulogalamu 3 a kadimiyamu pa lita imodzi. Kuwiritsa madzi ndi kuthira Certeza kapena WaterGuard kumapha tizilombo toyambitsa kolera ndi kutsegula m'mimba, ndipo tipitirize kutero, koma sikuchotsa chitsulo m'madzi. Njira yake ndi kusalola kuti chilowemo. Dzala likhale kumunsi ndi kutali ndi chitsime.

Chachinayi, idyani zakasinthasintha kuti thupi lisasowe ayironi, kashiamu ndi zinki. Nyemba, khobwe, soya, bonongwe, chisoso, nkhwani, mazira ndi nyama zimapatsa magazi. Usipa, matemba ndi kapenta zodya ndi minga yomwe, mawere ndi mkaka zimalimbitsa mafupa. Mukadya nsima tsirizani ndi chipatso monga gwafa, lalanje kapena pichesi, chifukwa zipatso zimathandiza thupi kutenga ayironi, pamene tiyi womwa pa nthawi ya chakudya amatchinga. Tsukani ndiwo zamasamba ndi madzi abwino, ndipo mbatatesi zitsukeni kuchotsa dothi lonse. Impso za ng'ombe ndi mbuzi zokalamba zisakhale ndiwo za tsiku ndi tsiku, pakuti nyama nazonso zimasunga kadimiyamu mu impso. Amayi oyembekezera, yambani sikelo msanga, imwani mapiritsi owonjezera magazi onse amene mwapatsidwa, gonani mu neti, ndipo landirani mankhwala a njoka za m'mimba. Abambo, thandizani kuti ana abadwe motalikirana, thupi la mayi lizipeza nthawi yobwezeretsa magazi.

Chachisanu, kwa amisiri. Wotchererani panja kapena pamalo opita mphepo, mphepo izichotsa utsi kumaso kwanu. Chitsulo chokutidwa chimene simukuchidziwa musachidule ndi moto m'chipinda. Kansalu kapamphuno sikatchinga utsi wa zitsulo, pamafunika chophimba chopangidwira ntchito imeneyo. Musadye kapena kusuta ndi manja a kuntchito. Zovala za kuntchito zichapidwe pazokha, ndipo musanyamule mwana musanasinthe. Inu amene muli ndi ana ku Joni kapena ku Tete, mukamayankhulana pafoni afunseni ntchito imene akugwira, muwauze zimene mwamva lero.

Omvera athu, nthawi yatithera. Amayi a ku Toyama aja sanali ndi wowachenjeza, ankamwa madzi a mtsinje wawo osadziwa kanthu. Ife tamva. Madzulo ano mukamadya, kambiranani pabanja: kodi m'nyumba muno muli wosuta? Kodi mabatire akutha timawataya kuti? Kodi mayi anayezetsa liti magazi? Mafunso ena kafunseni kwa azaumoyo a m'mudzi mwanu kapena ku chipatala chimene muli nacho pafupi.